Chitchaina changa ndi cha amalume n'chosiyana

Ndisananyamuke kupita ku Beijing kukaphunzira Chitchaina kwa masabata asanu ndi limodzi, amalume anandilembera kachilembo pa pepala. Iwo anaphunzira zaulimi ku Taiwan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo ankafuna aphunzitsi anga akaone kuti kwathu kuli munthu wodziwa. Anati kakutanthauza "kuphunzira".

Kumeneko July ndi wotentha ngati October wa ku Nsanje. Tsiku lachitatu, thukuta lili kamukamu, ndinatulutsa pepala lija m'kalasi. Aphunzitsi anamwetulira, n'kulemba pa bolodi chilembo china pambali pake. Cha amalume, 學, chili ndi mizere 16. Chawo, 学, chili ndi 8. Mawu ndi amodzimodzi, xue, koma kuno talisiya kale limenelo, anatero.

Ndinachita manyazi, kenako chidwi. Chipani cha Mao Zedong chitatenga boma mu 1949, Chiang Kai-shek n'kuthawira ku Taiwan, anthu ambiri ku China sankadziwa kuwerenga. Mu 1956 boma linayamba kupeputsa zilembo. Mu 1958 linavomereza pinyin, njira yolembera Chitchaina m'zilembo ngati zathuzi, imene gulu lotsogozedwa ndi Zhou Youguang linakonza. Taiwan inakana zonsezo, inasunga zilembo zakale mpaka lero.

Nanga amalume anapezeka bwanji mbali inayo? Sanasankhe okha. Boma la Kamuzu linapanga ubale ndi Taiwan mu 1966, pamene Zambia ndi Tanzania zinkagwirizana ndi Beijing, imene inadzawamangira njanji ya TAZARA m'zaka za m'ma 1970. Ifeyo tinakhala ndi Taipei zaka 41. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chinamangidwa ndi thandizo la Taiwan. Kenako mu January 2008 boma la Bingu wa Mutharika linalengeza kuti latembenukira ku Beijing, ndipo pofika 2010 aphungu anali m'nyumba ya malamulo yomangidwa ndi China. Njira ya ophunzira inakhotera komweko. Ine ndinali ndisanayambe n'komwe sukulu, koma zilembo zimene ndinadzaloweza zinasankhidwa mwezi umenewo.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'china. Chiyankhulo cha m'kalasi amachitcha putonghua, "chiyankhulo cha onse", ndipo katchulidwe kake ndi ka ku Beijing. Mnzathu wina wa ku Guangdong amene ankatithandiza madzulo, akaimbira foni agogo ake ankayankhula Cantonese, ife osatolapo kanthu. Ndinakumbuka 1968, pamene Chichewa chinakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi. Mayi anga ndi a ku Rumphi, nkhani imeneyi siikambidwa mosekerera kwathu. Sindikunena kuti kupeputsa zilembo kunali kulakwa. Dzanja langa lomwe likuyamika mizere 8 ija. Koma pa kapepala koitanira ophunzira amangolemba kuti "bwerani mudzaphunzire Chitchaina", ngati kuti chilipo chimodzi.

Makutu okha ndiwo anandithandiza. Anzanga a ku Ulaya ankavutika kusiyanitsa mā, mayi, ndi mǎ, hatchi. Munthu amene amasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika sadabwa nazo.

Nditabwerako ndinapatsa amalume buku langa la m'kalasi. Anavala magalasi, anawerenga tsamba loyamba pang'onopang'ono, n'kufunsa kuti mizere inayo anaipititsa kuti.