Chabani Manganyi: Katswiri wa Maganizo Amene Anasenza Denga la Yunivesite

Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Mwambi umenewu umanenedwa kawirikawiri pa mafumu ndi eni mbumba, koma ukhoza kunenedwanso pa munthu wophunzira amene anzake amuchotsa pakati pa mabuku namukhazika pampando woweruza milandu ya sukulu. Mmodzi wa anthu otero anali Pulofesa Noel Chabani Manganyi wa ku South Africa.

A Manganyi anabadwa m'chaka cha 1940 kumudzi wa Mavambe, kumpoto kwa dzikolo, m'dera limene lero likutchedwa Limpopo. M'chaka cha 1959 boma la tsankho linakhazikitsa lamulo loletsa anthu akuda kulowa m'mayunivesite a azungu popanda chilolezo cha nduna, ndipo linawamangira makoleji awoawo, mtundu ndi mtundu. Koleji ya ku Turfloop inali ya Asotho, Avenda ndi Atsonga, ndipo kumeneko ndiko mnyamatayu anayambira maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu. Digiri ya udokotala anailandira ku yunivesite ya UNISA.

Vuto linadza pofuna malo ophunzirira ntchito. Zipatala zimene zinkaphunzitsa akatswiri a maganizo zinali za azungu, ndipo munthu wakuda woti achite ntchito yotere sanali m'malingaliro a boma. Motero anakapezeka pa chipatala cha Baragwanath ku Soweto, pakati pa madokotala ochita opaleshoni ya ubongo ndi msana. Kumeneko anaona anthu ovulala, ena olumala miyendo, nayamba kufunsa kuti munthu amaliona bwanji thupi lake likasintha. Funso limeneli linabala lina lalikulu: nanga munthu amadziona bwanji ngati dziko lonse limuuza tsiku ndi tsiku kuti khungu lake ndi chilema? Buku lawo la m'chaka cha 1973, Being-Black-in-the-World, linatuluka m'maganizo amenewa, ndipo ophunzira a masiku ano akuliwerengabe.

Atakhala kanthawi ku yunivesite ya Yale ku America anabwerera kwawo, nakayambitsa dipatimenti ya maphunziro a maganizo ku yunivesite ya Transkei m'chaka cha 1976. Kuchokera uko anapita ku Wits mumzinda wa Johannesburg, umene makolo athu oyenda pa theba ankautcha Joni.

Zaka za m'ma 1980 zinali za moto. Achinyamata ambiri ankaimbidwa milandu yakupha pa zipolowe, ndipo chilango chake chinali chingwe. A Manganyi ankaitanidwa kubwalo kuti afotokozere oweruza zimene zimachitika m'mutu mwa munthu akakhala pakati pa chigulu chokwiya. Sankanena kuti woimbidwa mlandu sanalakwe ayi. Ntchito yawo inali yopempha bwalo kuti lione mmene mkwiyo wa gulu umamezera nzeru za munthu mmodzi, lisanamutumize kukanyongedwa. Apa mpamene maphunziro awo analemera koposa, chifukwa mawu a mboni anali kuyezedwa ndi moyo wa munthu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anaitanidwa kukakhala mkulu wa yunivesite ya ku Turfloop, komwe anaphunzira ali mnyamata. Mpando umenewo sunali wofewa. Pasukuluyi mpamene bungwe la ophunzira akuda la SASO linachitira msonkhano wake wolikhazikitsa m'chaka cha 1969, Steve Biko nasankhidwa kukhala mtsogoleri. Mpamenenso Onkgopotse Tiro anadzudzula maphunziro a tsankho pamwambo wopereka madigiri m'chaka cha 1972, nachotsedwa sukulu, ndipo patapita zaka ziwiri anaphedwa ndi bomba lotumizidwa m'phukusi ku Botswana. M'zaka za m'ma 1980 asilikali anamanga misasa pakati pa nyumba za ophunzira. Ophunzira oleredwa m'malo otere sakhulupirira msanga aliyense wokhala mu ofesi, angakhale wa khungu lawo lomwe. A Manganyi sanakhalitse pampandowo, ndipo sizodabwitsa.

Ufulu utabwera m'chaka cha 1994, boma la a Nelson Mandela linawasankha kukhala mkulu woyendetsa unduna wa maphunziro, nduna yake ali a Sibusiso Bengu. Tsankho linali litasiya madipatimenti a maphunziro 19, ogawidwa potsata khungu ndi mitundu, ndipo anayenera kusonkhedwa kukhala amodzi. Aphunzitsi amadziwa kuvuta kwa kugwirizanitsa sukulu ziwiri zoyandikana. Kuli bwanji dziko lonse! Pambuyo pake anapita ku yunivesite ya Pretoria, imene kale inali linga la Maburu, nakhala wachiwiri kwa mkulu wa sukuluyo kuyambira 2003 mpaka 2006.

Ena amati munthu wophunzira akalowa mu utsogoleri cholembera chimauma. Cha a Manganyi sichinaume. Analemba mbiri ya moyo wa mlembi Es'kia Mphahlele, ya wojambula Gerard Sekoto amene anamwalirira ku France, ndi ya Dumile Feni amene anamwalirira ku New York. Onse atatuwa anakhala zaka zambiri kunja chifukwa cha tsankho, ndipo zikuoneka kuti mtima wa munthu wochotsedwa kwawo ndiwo unkawakoka kwambiri. Mbiri ya moyo wawo womwe anaitulutsa m'chaka cha 2016. Anamwalira m'chaka cha 2024 ali ndi zaka 84.