Masipeya, maola ndi buku la sitima

Wa ku Chintheche akafuna kuwolokera ku Likoma amakakwera Ilala pa doko la Nkhata Bay. Sitimayi inapangidwa mu 1949 ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow, ndi kampani ya Yarrow, yomwe patapita zaka inapanganso sitima zankhondo zoponya mizinga za mtundu wa Type 23. Ilala inafika kuno zidutswazidutswa kudzera ku Beira, n'kuyamba ntchito mu 1951. Yonyamula matumba a usipa ndi yonyamula mizinga zimasungidwa ndi zinthu zofanana: masipeya ndi buku.

Galimoto timaiwerengera makilomita, koma injini ya sitima amaiwerengera maola. Maola akakwana, mainjiniya amachita sevesi, kusintha oyilo ndi mafyuluta. Akachuluka ndithu pamabwera ovaholo: injini yonse imamasulidwa, mapisitoni ndi mabering'i n'kuyezedwa kuti aone mmene adyekera. Ya pansi pa madzi ndi ntchito ina. Sitima imakwezedwa pa doko loyandama ku Monkey Bay kuti aone shafiti, pulopela ndi malata amene dzimbiri lalowa. Zonsezi zimalembedwa m'buku, ndipo bukulo ndilo mbiri ya sitima.

Sipeya iliyonse ili ndi nambala, ndipo nambalayo si yokongoletsa. Chauncy Maples, sitima ya amishoni, inabwera ili zidutswa zoposa 3,000, koma manambala ake anali atakwiririka pamene ankakuta zitsulozo kuti zisachite dzimbiri. Amisiri anavutika kulumikiza, mpaka inalowa m'madzi mu 1901.

Pankhondonso sipeya imalamula. Mu Ogasiti 1914, Kaputeni Rhoades wa sitima ya Gwendolen anapeza Hermann von Wissmann ya Ajeremani ili pamtunda ku Liuli, tsidya la Tanzania, ikukonzedwa. Anaizula mfuti ndi zipangizo za injini, basi inakhala chikhalire.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kuphwasula, kuchotsa sipeya pa injini ina kuti inzake iyende. Amakaniko a maboti a asodzi amachita zimenezi kawirikawiri: impela kapena kabureta ya Yamaha yakufa imadzutsa ina, chilimira chipite kunyanja usiku womwewo. Sindiwadzudzula, pakuti sipeya yatsopano ili kutali ndipo ndi yodula. Ngakhale asilikali a pamadzi a ku Britain amatero. Mu 2017 ofesi yowerengera chuma cha boma lawo inapeza kuti anaphwasula ka 3,230 m'zaka zisanu. Koma iwo amalemba chatuluka kuti, chalowa kuti. Pagombe pathu sipeya imasamuka popanda wolemba, maola ake osadziwika, ndipo wogula injini yakale amangomvera kulira kwake n'kulipira. Kabuku kamodzi kosungidwa m'pepala lapulasitiki pamodzi ndi masipanala kangauze mwini boti tsiku limene impela inalowa, asanalole anyamata asanu ndi atatu kupita nayo pakati pa nyanja nyengo ya mwera.