Kabulangeti

Mtundu wa nyemba zamakolo wodziwika kwambiri m'Zambia. Khungu lake ndi lofiirira motuwa, la timadontho ting'onoting'ono. Zimalimidwa kwambiri kumpoto kwa dzikoli, makamaka ku Mbala, ndipo amalonda amazifikitsa m'misika ya Kabwe, Lusaka ndi Copperbelt. Anthu amazikonda chifukwa cha msuzi wake wokoma ndi wokhathamira.

Nyemba zonse za mtundu wa Phaseolus vulgaris, kuphatikizapo kabulangeti, zinachokera ku America.

Kalimidwe: Pakhomo, monga ku Kamushanga m'tauni ya Kabwe, nyembazi zimafuna dothi losasunga madzi, lothiridwa manyowa owolerana. Amabzala mu Januwale kapena Febuluwale kuti zikhwime mvula ikutha. Zimayanga, choncho timitengo tozika m'mizere timathandiza kuti zitheba zisagone pansi. Zimacha pakatha miyezi pafupifupi 3, koma khwanya amayamba kuthyola msanga.

Mbewu: Duwa la nyemba limadzibereketsa lokha, motero mbewu yosungidwa kawirikawiri sisintha mtundu. Amasankha makoko odzadza, kuwaumitsa bwino, ndi kusakaniza njerezo ndi phulusa poletsa anankafumbwe.

Chenjezo: Mgodi wa Kabwe, womwe unatsekedwa mu 1994, unasiya mtovu m'dothi la madera ena a tauniyi. Nkofunika kuyezetsa dothi, kapena kubzala m'matumba a dothi lochokera kutali, ndi kutsuka bwino khwanya musanaphike.