Mafunso ndi Mayankho: Dzaleka inayamba bwanji, nanga zotumiza othawa nkhondo kunja zinachokera kuti?

FUNSO: Ife tinakula tikumva Chiswahili pamsika wa Dowa. Kodi msasa wa Dzaleka unayamba liti? (Wowerenga wa ku Mvera, Dowa)

YANKHO: M'nthawi ya ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda, Dzaleka inali ndende yosungirako akaidi andale. Mu 1994 boma, mogwirizana ndi bungwe loona za anthu othawa kwawo la UNHCR, linasandutsa malowa kukhala msasa wa anthu othawa nkhondo. Ambiri anachokera ku Rwanda, Burundi ndi Congo, ena ku Somalia ndi Ethiopia. Malowa anakonzedwa kuti muzikhala anthu osapitirira 12,000, koma lero muli anthu oposa 50,000. N'chifukwa chake pamjigo pamakhala mzere wautali, m'makalasi ana amathinana, ndipo mitengo ya m'mapiri oyandikira ikuthera nkhuni.

FUNSO: Timamva kuti mabanja ena amanyamuka ku Dzaleka kupita ku America, Canada kapena Australia. Mchitidwewu unayamba bwanji? (Wowerenga wa kwa Malomo, Ntchisi)

YANKHO: Unayamba itatha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, koma unakula kwambiri chifukwa cha anthu a ku Vietnam. Nkhondo ya kwawo itatha mu 1975, anthu miyandamiyanda anathawa pamabwato kulowera ku Malaysia, Thailand, Indonesia ndi Hong Kong, ndipo ambiri anamira panyanja. Pakachilumba ka Pulau Bidong ku Malaysia panaunjikana anthu pafupifupi 40,000 mu 1979. Maiko owalandirawo atatopa, anayamba kubweza mabwato.

Mu July chaka chomwecho, maiko anakumana ku Geneva n'kugwirizana kuti dziko lomwe munthu wafikira lizimusunga mongoyembekezera, pomwe maiko olemera azimutenga kukakhazikika. America, Canada, Australia ndi France analandira anthu ochuluka, ndipo msasa wa Pulau Bidong unatsekedwa mu 1991. Mutu umodzi susenza denga.

FUNSO: Nanga bwanji anthu sakuchepa ku Dzaleka?

YANKHO: Amene amapeza mwayi wopita kunja ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene akufika komanso ana obadwira mumsasamo. Kum'mawa kwa Congo nkhondo sinathe, kotero kubwerera kwawo n'kovuta. Malamulo athu nawonso salola othawa nkhondo kukhala kapena kugwira ntchito kunja kwa msasa mwaufulu. Mu 2023 boma linalamula onse amene ankachita malonda m'matauni kuti abwerere ku Dzaleka, ndipo kuthinana kunawonjezeka.

Amalawi tinasungapo anthu oposa miliyoni imodzi ochokera ku Mozambique, choncho kuchereza alendo timakudziwa. Maiko olemera awonjezere malo olandirira mabanjawa monga anachitira mu 1979, ndipo aphungu athu aunikenso lamulo la 1989 la othawa kwawo kuti aphunzitsi, anamwino ndi amisiri amene ali ku Dzaleka azidzidyetsa ndi manja awo.