Mchere, Madzi ndi Impso: Mbiri ya Mankhwala Okodzetsa

Mwa matenda onse amene makolo athu ankawaopa, ndi ochepa amene ankadetsa nkhawa mudzi wonse ngati matenda otupa. Munthu ankayamba kutupa mapazi, kenaka miyendo inkalemera ngati mitondo, masaya n'kufufuma, mpweya n'kumaperewera mpaka wodwalayo kumagona chokhala. M'mapiri a ku Thekerani, monganso m'madera ambiri a dziko lino, akuluakulu akaona zotere ankati ndi tsempho, kapena mdulo monga ena amanenera. Pofufuza gwero lake, funso limodzi silinkalephera kufunsidwa: kodi anathira mchere m'ndiwo ndani? Paja mwambo unkaletsa mayi amene ali kumwezi kuthira mchere mumphika, ndipo ankatuma mwana wamng'ono kuti amuthirire.

Sayansi ya masiku ano sivomereza kuti dzanja la wothira mchere lingatupitse munthu. Komabe n'zochititsa chidwi kuti madokotala, atafufuza kwa zaka mazanamazana, anakafika pa mchere womwewo. Iwo anapeza kuti vuto lagona pa kuchuluka kwa mchere umene watsalira m'thupi. Choncho mbiri ya mankhwala okodzetsa ndi mbiri ya mmene anthu anaphunzirira kukakamiza impso kutaya mchere, pakuti kumene mchere wapita, madzi amatsatira konko.

Impso zathu ziwiri zimasefa madzi okwana pafupifupi malita 180 kuchokera m'magazi tsiku lililonse, koma mkodzo umene timataya ndi lita imodzi kapena malita awiri basi. Madzi otsalawo amabwerera m'magazi pamodzi ndi mchere kudzera m'timachubu ting'onoting'ono ta m'impsomo. Mtima ukafooka, ngakhalenso impso kapena chiwindi zikadwala, thupi limasunga mchere wochuluka, ndipo madzi amaunjikana m'miyendo, m'mimba ndi m'mapapo. Mwa anthu ena thupi silitupa ayi, koma mchere wochulukawo umathandiza kuti magazi azikankha mitsempha mwamphamvu kwambiri. Amenewa ndiwo matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri amangoti BP.

Kalelo ngakhale ku Ulaya madokotala analibe chochita chenicheni ndi munthu wotupa, ndipo ena ankangomuboola mimba kapena miyendo kuti madzi akhe. Kuwala kunayamba kuoneka m'chaka cha 1775 pamene dokotala wa ku England, William Withering, anamva za mankhwala azitsamba amene mayi wina wokalamba wa m'dera la Shropshire ankachizira anthu otupa. Atasanthula zitsambazo, anapeza kuti mphamvu yake inali m'masamba a duwa lotchedwa foxglove. Anayesa masambawo kwa zaka khumi pa odwala oposa 150, ndipo mu 1785 anasindikiza zimene anapeza. Patapita nthawi zinadziwika kuti mankhwalawo amalimbikitsa mtima, tsono mtima ukayamba kupopa bwino, impso nazo zimatulutsa madzi.

Nacho chitsamba chimene chakuta mapiri a boma la Thyolo chili ndi malo ake m'mbiriyi. Mu 1888, katswiri wa ku Germany, Albrecht Kossel, anatulutsa m'masamba a tiyi mankhwala otchedwa theophylline, ndipo mu 1902 madokotala anayamba kuwapereka kwa odwala kuti aziwakodzetsa. Zimenezi zinkachitika pa nyengo yomwe tiyi ankayamba kuzika mizu m'dziko lathu, poyamba ku Mulanje kenaka ku Thyolo. Koma mphamvu ya mankhwalawo yokodzetsa inali yochepa, kotero kuti pambuyo pake anatchuka kwambiri pothandiza odwala mphumu.

Mankhwala oyamba amphamvu anapezeka mwamwayi. Mu 1919, mumzinda wa Vienna, wophunzira udokotala dzina lake Alfred Vogl anabaya wodwala chindoko jakisoni wa Novasurol, mankhwala okhala ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chimene chinkakhala m'zoyezera kutentha kwa thupi. Powerenga zolemba za anamwino, Vogl anaona kuti mkodzo wa wodwalayo unkachuluka zedi nthawi iliyonse akabayidwa. Kuyambira pamenepo, kwa zaka zoposa 30, majakisoni a mercury ndiwo anali chida chachikulu cholimbana ndi kutupa. Komatu mercury ndi poizoni. Ankatha kuwononga impso zomwezo, ndipo odwala ena ankafa mwadzidzidzi atangobayidwa.

Pa nthawi yonseyi kuthamanga kwa magazi kunalibe mankhwala odalirika. Chipangizo choyezera chinalipo kale, pakuti Scipione Riva-Rocci wa ku Italy anachikonza mu 1896, koma madokotala ambiri ankakhulupirira kuti kutsitsa magazi othamanga n'koopsa. Ngakhale mtsogoleri wa dziko la America, Franklin D. Roosevelt, sanapulumuke. Pa 12 April 1945 mtsempha wa muubongo wake unaphulika, ndipo atamuyeza anapeza 300/190, pamene munthu wathanzi amakhala cha m'ma 120/80. Anamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 63. Ngati munthu wamphamvu chotero anasowa thandizo, nanga wothyola tiyi wa ku Thyolo akanalipeza kuti?

Njira yatsopano inatsegulidwa ndi mankhwala ophera tizilombo m'thupi otchedwa sulfanilamide, amene anafala m'zaka za m'ma 1930. Madokotala anaona kuti omwa mankhwalawa ankataya mchere wambiri mumkodzo. Mu 1949, William Schwartz wa ku Boston anawapatsa odwala mtima otupa, ndipo madzi anachepadi m'matupi mwawo. Apa akatswiri anayamba kusinthasintha kapangidwe ka mankhwalawo pofuna kupeza amphamvu koma osavulaza. Mutu umodzi susenza denga: anthu anayi a pakampani ya Merck, omwe ndi Karl Beyer, James Sprague, John Baer ndi Frederick Novello, anagwirira ntchito pamodzi mpaka anapeza chlorothiazide, amene anayamba kugulitsidwa mu 1958. Chaka chotsatira kunabwera hydrochlorothiazide, wofanana naye koma wofunika pang'ono chabe pakumwa. Mankhwalawa anali akumwa, osati obaya, ndipo anadabwitsa madokotala potsitsanso kuthamanga kwa magazi ngakhale mwa anthu osatupa. Kenaka kampani ya Hoechst ya ku Germany inatulutsa furosemide, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Lasix. Ameneyu ndi wamphamvu koposa. Akabayidwa mumtsempha amayamba kugwira ntchito m'mphindi zochepa, ndipo amapulumutsa munthu amene akubanika chifukwa cha madzi a m'mapapo.

Funso linatsala linali lakuti, kodi kutsitsa magazi kumatalikitsadi moyo? Yankho linabwera mu 1967 kuchokera ku kafukufuku amene Edward Freis anatsogolera m'zipatala za asilikali opuma ku America. Mwa amuna 143 othamanga magazi kwambiri, theka anapatsidwa hydrochlorothiazide pamodzi ndi mankhwala ena awiri, theka linalo n'kupatsidwa mapiritsi opanda mankhwala. M'gulu lachiwirili anthu 27 anagwa m'mavuto aakulu, ena mpaka kumwalira, pamene m'gulu lolandira mankhwala anali awiri okha.

Nanga kwathu kuno zinali bwanji? Kwa nthawi yaitali azungu ankati Mwafirika sadwala matendawa. Mu 1929, dokotala wina dzina lake Donnison analemba kuti mwa odwala pafupifupi 1,800 amene anawaona pachipatala china ku Kenya, sanapeze ndi mmodzi yemwe wothamanga magazi. Koma moyo unasintha. Mchere unayamba kupezeka mosavuta m'sitolo iliyonse, zakudya zogula zinachuluka, ndipo anthu ambiri anayamba kufika pa ukalamba. Mu 2009, Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la WHO unayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, ndipo unapeza kuti mmodzi mwa atatu alionse anali wothamanga magazi. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwa odwalawo, oposa 9 mwa 10 alionse sankadziwa n'komwe, pakuti matendawa kawirikawiri sapweteka mpaka tsiku limene munthu wagwa n'kufa ziwalo.

M'malangizo a Unduna wa Zaumoyo, hydrochlorothiazide wakhala mmodzi mwa mankhwala oyambira pothandiza munthu wothamanga magazi, ndipo ndi wotsika mtengo zedi. Munthu wa ku Thekerani angayezetse pachipatala cha kwawo komweko, ku Malamulo kufupi ndi Makwasa, kapena pachipatala chachikulu cha boma ku Thyolo. Kafukufuku wapitirira kusonyeza phindu la mankhwala a mtunduwu. Mu 2002, kafukufuku wa ALLHAT, wokhudza anthu oposa 33,000, anaonetsa kuti mankhwala okodzetsa otchedwa chlorthalidone sankaperewera poteteza mtima powayerekeza ndi mankhwala atsopano okwera mtengo. Mu 2019, madokotala otsogozedwa ndi Dike Ojji wa ku Nigeria anayesa odwala 728 m'mayiko asanu ndi limodzi a mu Afirika, kuphatikizapo Mozambique amene tachita naye malire pamtsinje wa Ruo. Iwo anapeza kuti hydrochlorothiazide amatsitsa magazi bwino akaphatikizidwa ndi amlodipine kusiyana ndi pomuphatikiza ndi perindopril.

Ngakhale zili choncho, mankhwalawa amafuna kusamala. Pamodzi ndi mchere wathu wa m'ndiwo, impso zimatayanso mchere wina wotchedwa potaziyamu, umene ukachepa minofu imafooka ndipo mtima umagunda mosalongosoka. Mwamwayi potaziyamu amapezeka m'nyemba, m'mbatata, m'masamba ndi m'nthochi, chipatso chimene chinatchukitsa Thekerani m'misika ya m'dziko muno matenda a chisaka asanasakaze minda. Tizikumbukiranso kuti si kutupa konse kumene kumafuna mankhwala okodzetsa. Mwana wotupa chifukwa chosowa zakudya m'thupi akhoza kufa akapatsidwa mankhwalawa, ndipo mayi woyembekezera amene watupa nkhope ndi manja ayenera kuthamangira kuchipatala. Wogula mapiritsi pamsika popanda kuyezedwa akumbukire kuti safunsa anadya phula.

Mbiri imeneyi ikutisonyeza kuti kuchoka pa masamba a Withering kufika pa piritsi la hydrochlorothiazide panatenga zaka zoposa 180, koma ulendo wochoka pachipatala kufika m'kamwa mwa wodwala sunathebe. Wogwira ntchito m'munda wa tiyi, amene amawerengera makilogalamu a masamba amene wathyola, akhoza kudumpha piritsi poopa kupatuka pafupipafupi kukataya madzi. Wina amaleka kumwa akangomva bwino, osadziwa kuti kuthamanga kwa magazi sikutheratu, kumangogonjetsedwa tsiku ndi tsiku. Winanso amakwera zitunda mtunda wautali n'kukapeza mankhwala atatha. Pamenepa m'pamene wophunzira wa sekondale ali ndi gawo lake. Iye angathe kuperekeza agogo ake kukayezetsa, kuwakumbutsa kumwa piritsi m'mawa uliwonse, ndi kufotokozera a pabanja pake kuti mchere woyenera munthu wamkulu pa tsiku supitirira magalamu 5, omwe ndi kasupuni kamodzi ka tiyi. Makolo ankafunsa kuti anathira mchere ndani. Ife tiwonjezerepo funso lina lakuti wathira wochuluka bwanji.