Mafuta Anapita Kunja, Gasi Anatsala: Mbiri ya Mafakitale a ku Niger Delta

Chitsime choyamba cha mafuta opindulitsa ku Nigeria chinapezeka mu Januwale 1956 m'mudzi wa Oloibiri, m'chigawo chimene lero chimatchedwa Bayelsa. Anakumba ndi a kampani ya Shell-BP. Pofika 1958 sitima yoyamba inali itanyamuka ndi mafutawo ulendo wa kunja, ali osayenga, ndipo nthawi imeneyo kunkatuluka migolo pafupifupi 5,100 patsiku. Njira imene inalambulidwa pamenepo, yopopa ndi kutumiza, ndi imene dera la Niger Delta lakhala likulephera kuipatuka kwa zaka zoposa 60.

Mafuta akamatuluka pansi sabwera okha, amabwera ndi gasi. Mafutawo akayengedwa amapereka petulo, dizilo, palafini ndi phula. Gasi naye ali ndi ntchito zake. Mbali yake yopepuka, methane, amapangira ammonia, ndipo ammonia ndiye amasanduka feteleza wa urea, yemwe uja mlimi wa chimanga amathira chikafika m'mawondo. Mbali zolemererapo, ethane ndi propane, amazitentha kwambiri mpaka kusweka, kenako n'kuzilumikizanso kukhala timibulu ta pulasitiki totchedwa polyethylene ndi polypropylene. Timibuluti n'tating'ono ngati mpunga, toyera mbee, ndipo timagulitsidwa m'matumba. Kuchokera pamenepo ndiye kumatuluka ndowa, zigubu, mapaipi a madzi, mipando, ngakhale thumba lenilenilo losungiramo feteleza. Chitsime cha mafuta sichilemba anthu ambiri ntchito. Ntchito zambiri zili kumene zinthu zimasandulizidwa.

Makampani oyambawo ankafuna mafuta basi. Gasi ankamuona ngati chosokoneza, ndiye ankangomuyatsa moto pamwamba pa mapaipi ataliatali. Malawi amenewo akhala akuyaka usana ndi usiku m'midzi yambiri, mwakuti pali ana anakula osaudziwa mdima weniweni. Azimayi ena anafika poyanika chinangwa chawo pafupi ndi motowo kuti chiume msanga, nkhope zikuwawa ndi kutentha, utsi ukulowa m'chifuwa. Boma linakhazikitsa lamulo mu 1979 loti kuyatsaku kuthe pofika 1984. Chakacho chinadutsa, masiku ena anaikidwanso n'kudutsanso, ndipo chindapusa chinali chochepa kwambiri moti kulipira kunali kotchipa kusiyana ndi kumanga makina ogwira gasiyo.

Kuyenga kunayamba mu 1965, pamene Shell-BP inatsegula fakitale ku Alesa-Eleme, kufupi ndi Port Harcourt. Nkhondo ya Biafra, kuyambira 1967 mpaka 1970, inasokoneza ntchito, koma itatha mitengo ya mafuta inakwera padziko lonse ndipo ndalama zinasefukira m'thumba la boma. Nigeria inalowa m'bungwe la OPEC mu 1971, n'kukhazikitsa kampani ya boma ya NNPC mu 1977. Fakitale ya Warri inatsegulidwa mu 1978, ya Kaduna kumpoto mu 1980, ndipo yachiwiri ya Port Harcourt mu 1989. Zonse pamodzi zinamangidwa kuti ziziyenga migolo 445,000 patsiku, yokwanira dziko lonse panthawiyo. Mu 1988 anawonjezera mbali yopanga polypropylene ndi carbon black, mwaye wolimbitsira matayala, ku Warri, komanso yopanga mankhwala a sopo wa ufa ku Kaduna.

Papepala zonse zinali bwino. Chimene chinapha mafakitalewa si kusowa kwa mafuta kapena kwa akatswiri, ayi. Fakitale yotere imafuna kuimitsidwa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu kuti iphwasulidwe, iyeretsedwe, zotha zisinthidwe. Ndalama za ntchitoyi zinkachedwa, ndipo zikatuluka zinkathera m'njira. Mtengo wa petulo unkakhazikitsidwa ndi boma pansi pa mtengo wake weniweni, choncho woyenga analibe phindu loti abwezere m'makina, pamene woitanitsa petulo kunja ankalandira ndalama za sabuside. Dziko lopopa mafuta ambiri mu Africa linasanduka lofola pamizere ya petulo wochokera ku Ulaya.

Nkhani ya feteleza inayendanso chimodzimodzi poyamba. Fakitale ya boma ya NAFCON ku Onne inayamba mu 1987, n'kumapanga urea wabwino kuchokera ku gasi wa komweko, koma pofika 1999 inali itazima. Inagulitsidwa mu 2005 n'kukhala Notore. Nayo fakitale ya pulasitiki ya Eleme, imene inayamba mu 1995 ikulandira gasi wamadzi kudzera m'paipi yochokera ku Obiafu-Obrikom, inkangoyenda mwa apo ndi apo, nthawi zambiri ili chiimire. M'chaka chomwecho cha 1995, pa 10 Novembala, boma la asilikali linanyonga Ken Saro-Wiwa ndi anzake asanu ndi atatu a mtundu wa Ogoni, amene ankadandaula za kuwonongeka kwa nthaka ndi mitsinje yawo. Eleme ili m'mphepete mwa dziko la Ogoni lomwelo. Aliyense woganiza zoika mpamba wake m'derali ayenera kudziwa kuti anthu ake sanaiwale. Lipoti la bungwe la UNEP la mu 2011 linatsimikiza zimene iwo ankanena: zitsime za madzi akumwa zinali ndi poizoni wa mafuta, ndipo kuyeretsa kungatenge zaka 25 mpaka 30.

Pamene zinthu zinatembenukira, m'kuona kwanga, ndi mu 2006. Boma linagulitsa magawo 75 pa 100 alionse a Eleme Petrochemicals, fakitale ya pulasitiki ija, kwa kampani ya Indorama, ya banja la a Lohia, pamtengo wa madola 225 miliyoni. Makina anali omwewo, paipi ya gasi yomweyo. Eni atsopanowo anayamba ndi kukonza kumene kunanyalanyazidwa kwa zaka, ndipo patapita miyezi yochepa timibulu tinayamba kutuluka mosadukiza. Chinthu china chimene sichitchulidwa mokwanira n'chakuti midzi yozungulira fakitaleyo inapatsidwa magawo 7.5 pa 100 alionse, ndipo ogwira ntchito anapatsidwanso awo. Mikangano ya kagawidwe ka phindulo siinathe, koma munthu amene amalandirako kanthu fakitale ikapindula sathamangira kukaboola paipi yake. Mu 2016 Indorama inatsegula fakitale ya urea ya matani 1.4 miliyoni pachaka, ndipo inawonjezera ina yofanana nayo mu 2021. Gasi yemwe uja ankangopsa ndiye anasandutsa Nigeria dziko logulitsa feteleza kunja, mpaka ku Brazil.

Gasi wambiri amapitabe kunja osasandulizidwa. Kuyambira 1999 kampani ya Nigeria LNG pachilumba cha Bonny imamuziziritsa kukhala wamadzi n'kumukweza m'sitima. Ndalama zimabwera zambiri, ndipo kuyatsa kunachepako, koma ameneyo ndi malonda a mtundu womwe uja wa 1958.

Kumbali ina, m'nkhalango za m'madambo, achinyamata osowa ntchito anayamba kuyenga okha. Amaba mafuta m'mapaipi, n'kumawaphika m'migolo yowotcherera, nthunzi ikudutsa m'paipi yoviikidwa m'madzi, dizilo akudontha kumapeto. Kumeneko amakutcha kpofire. Zotsalira amazithira mumtsinje, ndipo moto ukabuka anthu amapsa ambirimbiri nthawi imodzi. Cha m'ma 2016 anthu a ku Port Harcourt anayamba kudzuka mwaye wakuda uli pa magalimoto, pa zovala zoyanika, m'mphuno mwa ana. Kpofire ndi ntchito yoopsa ndi yowononga, yosayenera kuikira kumbuyo. Koma ikuonetsa poyera kuti msika wa mafuta oyenga ulipo pakhomo pomwepo, ndipo manja odziwa kuwotcherera ndi kuyenga aliponso. Mafakitale ang'onoang'ono ovomerezeka, monga ya Waltersmith ku Ibigwe m'chigawo cha Imo, imene inayamba mu 2020 ndi migolo 5,000 patsiku, akuyesa kulowa m'mpata umenewu, ngakhale kupeza mafuta osayenga nthawi zonse kumawavuta.

Zaka zaposachedwa zasintha zambiri. Lamulo la Petroleum Industry Act la mu 2021 linati makampani aziika magawo 3 pa 100 alionse a ndalama zoyendetsera ntchito m'thumba la midzi yowasunga. Mu Meyi 2023 Pulezidenti Bola Tinubu analengeza kutha kwa sabuside ya petulo. M'mwezi womwewo Aliko Dangote anatsegula fakitale yoyenga migolo 650,000 patsiku, yoposa zinayi za boma kuziphatikiza, pafupi ndi fakitale yake ya urea ya matani 3 miliyoni imene inatsegulidwa mu 2022. Petulo wake anayamba kugulitsidwa mu Seputembala 2024. Koma zonsezi zili ku Lekki, kufupi ndi Lagos. Gasi ndi ena mwa mafutawo n'zochokera ku Delta, ntchito zapita kwina. Kumeneku n'kuluza kwakukulu kwa derali, ndipo chifukwa chake sichobisika: mpamba umathawa kumene mapaipi amabooledwa, kumene ogwira ntchito amabedwa, kumene misewu ndi madoko zili zokumbika. Nayo fakitale yakale ya boma ya Port Harcourt, imene inavomerezedwa madola 1.5 biliyoni okonzera mu 2021, inayatsidwa kumapeto kwa 2024 n'kuzimanso mu Meyi 2025.

Mwayi umene watsalira Delta suli m'zimphona za mabiliyoni, chifukwa zimenezo n'za anthu owerengeka. Uli mwa amene angagule timibulu pageti la Eleme n'kutisandutsa matumba a mpunga ndi simenti, mathanki a madzi, mapaipi othirira ndi zotsekera mabotolo. Uli mwa osakaniza feteleza, othira gasi wophikira m'masilinda, okonza mavavu ndi mapampu, osonkhanitsa pulasitiki wotayidwa kuti asungunulidwenso. Mzinda wa Aba, womwe uli pafupi ndi Port Harcourt, uli kale ndi amisiri masauzande osoka nsapato ndi zikwama, amene amafuna zidendene za pulasitiki ndi guluu tsiku lililonse. Chimene chakhala chikuwabweza m'mbuyo ndi magetsi. Makina oumba pulasitiki akazimiridwa magetsi pakati pa ntchito, phala limaumira m'kati ndipo tsiku lonse limathera kukolopola. Mu Febuluwale 2024 kampani ya Geometric Power inatsegula malo opangira magetsi oyendera gasi otumikira Aba ndi madera ozungulira, ndipo kuti mafakitale ang'onoang'onowo akule zidalira ngati gasi azifika pamalopo mosadukiza.