Mseu Wathu ndi Dzina Lake

Tonse timaudziwa mseu wocokera pa Mussacama, wodzera pa Ulongué, wokafika ku Calómuè pa malire a Malawi. Umakwera kucokera ku dziko lotentha kudza kuno kozizira. M'mbali mwake muli minda ya cimanga ndi ya mbatata ya kacewere, madimba a masamba, ndi ng'ombe m'madambo. Kukaca bwino mapiri amaoneka patali. Alendo amati ndi mseu wokongola. Ife tinauzolowera.

Makolo athu ankayenda m'njira za miyendo. Atsamunda Acipwitikizi atafika anafuna miseu ya galimoto. Miseu yambiri ya m'dziko lathu inalambulidwa ndi anthu ogwidwa cibalo, amuna ndi akazi omwe. Ankakumba ndi makasu ao, nasenza dothi ndi miyala pamutu. Lamulo la cibalo linafafanizidwa mu 1961, koma maina a anthuwo sanalembedwe pa cikwangwani ciri conse. Tauni yathu inkachedwa Vila Coutinho, dzina la mlendo. Ufulu utabwera mu 1975 inakhala Ulongué.

Pa nthawi ya nkhondo mseu unasanduka coopsa. Galimoto zinasowa, ndipo ambiri a ife tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu podzera m'thengo. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu anabwerera kwao, ndipo mseu unadzukanso.

Kodi mseu umazindikirika bwanji ndi boma? Coyamba umalembedwa m'buku, napatsidwa nambala. Mu 1999 boma linakhazikitsa bungwe loyang'anira miseu, lochedwa ANE. Miseu inagawidwa m'magulu monga mwa kufunika kwake. Waukulu wocokera ku Tete kunka ku Zóbuè ndi N7. Wathu, umene umapatuka pa Mussacama, ndi N304. Nambala si yokongoletsa. Mseu wolembedwa uli ndi mwini woukonza. Mlatho ukagumuka, tidziwa kokadandaula, ndipo tidziwa dzina loti tichule. Tikumbuke kuti mseu ukafa, mbatata zimaolera pakhomo, ndipo mayi wodwala safika msanga ku cipatala.

Koma nambala sinena za kukongola. Maiko ena ali ndi ulemu wina wa miseu yokongola. Ku America anayamba zimenezi mu 1991. Kumeneko anthu a m'mbali mwa mseu ndiwo amayamba kupempha. Amalemba zimene ziri pa mseu wao: mapiri, mitsinje, malo a mbiri, miyambo. Amalembanso m'mene adzazisamalira. Boma likavomera, mseu umaikidwa zikwangwani, nulembedwa pa mapu a alendo. Ku Norway anasankha miseu 18, namanga malo oimapo kuti oyenda aone dziko.

Cifukwa ciani anthu amaufuna ulemu umenewu? Mlendo akaima amagula: mbatata, mapicesi, mphasa, cakudya. Ndalama zimatsala m'mudzi. Mitengo ya m'mbali mwa mseu sidulidwa cisawawa. Ndiponso ana amaphunzira kuti kwao kuli mbiri.

Taonani pamene nchito imayambira: pa kulemba. M'kalasi mwathu muli agogo amene anamva za cibalo kwa makolo ao. Muli amayi odziwa dzina la mtsinje uli wonse ndi phiri liri lonse. Zimenezi ziri m'mitu mwao mokha. Iwo akapita, nazonso zidzapita. Tsono ife amene tikuphunzira zilembo tizilembe lero, mtsinje ndi mtsinje, mudzi ndi mudzi. Wopempha ulemu wa mseu wake ayenera kufika ali ndi pepala m'manja.

Mafunso

1. Mseu wathu ndi nambala yanji?
2. Ndani analambula miseu pa nthawi ya atsamunda?
3. Lembani maina atatu a mitsinje kapena midzi imene mumadutsa popita ku Ulongué.